Phunziro la Mwezi Uno: Za Milandu ya Nyumba za Lendi ku South Africa

Midzi yambiri ya kwathu kuno iri ndi ana ace ku South Africa, makamaka ku Johannesburg, kumene tizolowera kucha Joni. Makolo amene anapita ndi Wenela zaka zakale anagona m'komponi ya mgodi, ndipo sanade nkhawa za pogona, pakuti kampani ndiyo inawapatsa. Lero zinthu zasinthika. Mnyamata kapena mtsikana wofika kumeneko adzifunira yekha cipinda, kapena kanyumba ka malata kuseri kwa nyumba ya mwini, nalipira lendi mwezi ndi mwezi. Ndipo pamene pali lendi sipacedwa kubuka mlandu. Wina acoka ku nchito madzulo napeza loko wacilendo pa citseko cace; wina amdulira madzi ndi magetsi; wina asamuka, koma mwini nyumba amkaniza ndalama yace ya cikole; wina apeza zofunda ndi miphika yace ziri pabwalo, mvula iri kugwa.

Uthenga wotere ukafika kumudzi pa lamya, atate ndi amai asowa coyankha. Ena ati, Ingopirira mwanawe, uli m'dziko la eni. Ena ati, Itana anzako mukathyole loko. Mau awiri onsewa sathandiza mwana. Oyambawo amtayitsa cimene lamulo lampatsa, ndipo aciwiriwo angathe kumgwetsa m'ndeu kapena m'manja mwa apolisi. Cifukwa cace phunziro la mwezi uno lifuna kuonetsa njira ina. Dziko lija liri ndi mabwalo oweruza milandu ya nyumba, ena a iwo salipiritsa kanthu, ndipo mlendo aloledwa kufikako. Koma mabwalowo athandiza munthu amene afika msanga, ali ndi umboni m'manja, ndiponso wasunga mbali yace ya pangano. Werengani modekha, kuti tsiku lakufunsidwa mukhale nao mau oyankha.

1. Palibe wocotsedwa m'nyumba popanda khoti

Lamulo lalikulu la dziko la South Africa, limene linakhazikika m'caka ca 1996, linena m'ndime yace ya 26 kuti munthu sacotsedwa m'nyumba imene akhalamo, ndipo nyumbayo siigwetsedwa, khoti lisanayambe lamva zonse ndi kulamula. Mau amenewa sanena za nzika zokha. Anena za munthu ali yense. Tizindikire cifukwa cace analemba cotero. M'masiku a tsankho boma la azungu linali ndi lamulo la m'caka ca 1951, limene linapatsa mphamvu yakupitikitsa anthu ndi kugwetsa tinyumba tao, ndipo anthu akuda ambirimbiri anatayidwa kutali ndi mizinda. Pofuna kuti zotere zisacitikenso, m'caka ca 1998 nyumba ya malamulo inafafaniza lamulo lija niika lina, limene anthu alicha mwacidule PIE. Mwa lamulo limeneli, wocotsa mnzace m'nyumba popanda cilolezo ca khoti wapalamula, ndipo angathe kulipitsidwa kapena kumangidwa kufikira zaka 2.

Poyamba panali kukayika ngati lamuloli lichinjirizanso munthu amene analowa m'nyumba mwa pangano la lendi, pangano nkutha iye ali momwemo. M'caka ca 2002 bwalo lalikulu la apilo la ku Bloemfontein linagamula kuti limchinjiriza ndithu. Cotero ngakhale munthu walephera lendi miyezi itatu, mwini nyumba alibe mphamvu yakumtulutsa ndi dzanja lace. Ndipo m'caka ca 2007 anaonjezera mau pa lamulo la nyumba za lendi, akuti kutsekera munthu kunja ndi loko, kapena kumdulira madzi ndi magetsi mosatsata lamulo, ndi mlandu wa cilango comweco.

Mwini nyumba akadza ndi anyamata aganyu, ngakhale ndi wapolisi, funso la wocita lendi likhale limodzi: Kodi kalata ya khoti iri kuti? Pakuti amene khoti limtuma kukacotsa munthu m'nyumba ndiye sherifi, ndipo iyeyo adza ndi cigamulo colembedwa.

Koma tisamve molakwa. Lamuloli silipatsa munthu nyumba ya mwini kwaulere. Ngongole ya lendi ikhalabe ngongole, monga akulu anati, mlandu suola. Cimene lamulo liletsa ndico kuti munthu akhale woweruza pa mlandu wa iye mwini. Cimeneci sicacilendo kwa ife. Mbuzi za mnansi zikadya cimanga canu, simuzipha ndi mpini. Mupita kwa mfumu, ndipo mfumu imva mbali zonse ziwiri isanachule malipiro.

2. Za pangano, malisiti ndi cikole

Lamulo losamala za nyumba za lendi ndilo Rental Housing Act, la m'caka ca 1999. Mau ace oyenera kuwadziwa ndi awa.

Pangano la pakamwa liri pangano ndithu. Koma wocita lendi akapempha kuti lilembedwe, mwini nyumba ayenera kulilemba. Pemphani nthawi zonse, pakuti tsiku la mlandu mau a pakamwa akhala awiri, ace ndi anu, ndipo woweruza sanalipo pamene munapangana. M'pepalamo mukhale maina a nonse awiri, malo a nyumba, ndalama ya pa mwezi, ndalama ya cikole, ndi nthawi yodziwitsana wina akafuna kuthetsa pangano.

Pa ndalama iri yonse imene mulipira, mwini nyumba ayenera kupereka lisiti lolembedwa tsiku, lonena ngati ndalamayo ndi ya lendi, ya ngongole kapena ya cikole. Apa ndipo pagwera ana athu ambiri. Alipira m'manja mwezi ndi mwezi, nacita manyazi kupempha lisiti, poopa kuoneka ngati akayika munthu wamkulu. Ndipo pakutha caka alibe kanthu kosonyeza. Mwini nyumba akakana lisiti, lipirani kudzera ku banki kapena pa lamya, kuti cizindikiro citsale. Zimenezi zikakanika, khalani ndi kabuku kolembamo tsiku ndi ndalama, ndipo mnzanu mmodzi aone pamene mulipira.

Ndalama ya cikole, imene kumeneko aicha dipoziti, siya mwini nyumba ai, iye angoisunga. Lamulo liti aiike ku banki kumene ibala phindu, ndipo phindulo ndi la wocita lendi. Musanalowe, inu ndi iye muyendere nyumba pamodzi ndi kulemba zonse zimene zaonongeka kale, monga zenera losweka, citseko cosatsekeka, denga lodontha. Ndipo mujambule zithunzi pa lamya. Potuluka muyenderenso pamodzi m'masiku 3 otsiriza a pangano. Ngati palibe ngongole kapena coonongeka, abweze cikole ndi phindu lace m'masiku 7. Ngati pali cokonza, acotsepo mtengo wace, akuonetseni malisiti a nchitoyo, ndi kubweza cotsala m'masiku 14 atalandira nyumba. Inu mukakana kudza pa kuyenderako, masikuwo akhala 21. Koma iye akaleka kuyendera nyumba pamaso panu, lamulo limuyesa wobvomera kuti nyumba iri bwino, ndipo ayenera kubweza zonse. Kutha kwa zinthu kodza ndi ukalamba, monga utoto wosuluka pakhoma, sikulipitsidwa.

Ndiponso mwini nyumba salowa m'cipinda canu monga afuna, ayamba wakudziwitsani. Sagwira katundu wanu, ngakhale muli naye ngongole, bwalo lisanamlole. Ndipo nthawi ya pangano ikatha, inu nimukhalabe iye atabvomera, pangano lipitirira mwezi ndi mwezi, ndipo wofuna kulithetsa apatse mnzace kalata ya cidziwitso ca mwezi wathunthu.

3. Bwalo la nyumba za lendi

Lamulo lomwelo la 1999 linatsegula njira yakuika m'zigawo za dziko bwalo lochedwa Rental Housing Tribunal, ndilo bwalo la nyumba za lendi. La cigawo ca Gauteng lisamala Johannesburg ndi Pretoria. A ku Cape Town apita ku bwalo la Western Cape, ndi a ku Durban ku bwalo la KwaZulu-Natal. Bwaloli sililipiritsa, ndipo munthu angathe kudandaula yekha popanda loya. Wocita lendi aloledwa kudandaula, mwini nyumba yemwenso, ngakhale anthu a nyumba imodzi pamodzi monga gulu. Milandu yofika kumeneko ndi yotere: kukaniza cikole, kukweza lendi mopsinja, kuleka kukonza nyumba, kutsekera munthu kunja, kudula madzi ndi magetsi, kulanda katundu, ndi pa mbali ya mwini nyumba, kusalipidwa lendi ndi kuonongeredwa nyumba.

Kayendedwe kace ndi aka. Wodandaula alemba dandaulo lace pa fomu ya bwalolo, napereka makope a ciphaso cace, a pangano ndi a malisiti, pamodzi ndi dzina ndi keyala ya amene am'dandaulayo. Akalata a bwalo ayamba afufuza. Pambuyo pace aitana onse awiri kwa mkhalapakati, amene nchito yace ifanana ndi ya ankhoswe pa mlandu wa banja. Akamvana, alemba cimene apangana. Akalephera kumvana, mlandu upita pamaso pa oweruza a bwalolo, amene amva mbali zonse nagamula. Cigamulo cao ciyesedwa monga ca khoti la majisitireti, ndipo wocinyozera wapalamula.

Tsono mverani cinthu cacikulu m'phunziro lino. Kuyambira tsiku limene dandaulo laperekedwa, kufikira bwalo litagamula kapena itapita miyezi 3, cimene cayamba kufika, mwini nyumba sacotsa munthu, ndipo ayenera kukonzabe zofunika m'nyumba. Koma wocita lendi naye ayenera kulipirabe lendi monga analipira kale. Ndipo ngati mlandu uli wa kukweza lendi, alipira mtengo wakale uja. Ambiri adzigwetsa okha pamenepa. Mtima ukapsa ati, Popeza sakonza denga, inenso sindilipira. Potero apatsa mwini nyumba cifukwa coona cakuthetsera pangano, ndipo munthu amene anali wolakwiridwa asanduka wolakwa. Lipirani, sungani lisiti, ndipo mlandu wa denga muupereke ku bwalo.

Bwaloli liri ndi mphamvu yakulamula kuti wotsekeredwa kunja abwezedwe m'nyumba, ndi kuti madzi ndi magetsi alumikizidwenso. Koma liribe mphamvu yakulamula kuti munthu acoke m'nyumba, pakuti imeneyo ndi ya khoti lokha. Ndipo pa cinthu cacangu, monga mai wotsekeredwa kunja ndi ana, khoti la majisitireti lingathe kumva msanga pempho lakuti abwezedwe. Pa pempho lotere khoti siliyamba ndi ngongole. Lifunsa ngati munthuyo anali kukhala m'nyumbamo mwamtendere, ndi ngati anamtulutsa mosatsata lamulo.

Kuti tione kulemera kwa bwalo la nyumba za lendi, tikumbuke mlandu wa nyumba yosanjikizana yochedwa Lowliebenhof, ku Braamfontein m'mzinda wa Johannesburg. Kampani imene inagula nyumbayo inathetsa mapangano a okhalamo m'caka ca 2008, niwauza kuti wofuna kutsala alowe pangano latsopano la lendi yowirikiza kawiri kapena koposa. M'mapangano akalewo munali mau olola kuthetsa pangano ndi cidziwitso, cotero makhoti awiri anapeza kampaniyo yosalakwa. Koma m'caka ca 2012 khoti loposa onse, lochedwa Constitutional Court, linati mau a m'pangano sakwanira pa okha. Bwalo la nyumba za lendi liri ndi mphamvu yakuona ngati kuthetsako kunali kopsinja. Cifukwa cace linaimitsa mlandu wakuwacotsa, kuti anthuwo akayambe adandaula kumeneko. Anthu aja anafika kutali cotero popeza anaima pamodzi, napeza maloya owathandiza. Mutu umodzi susenza denga.

4. Pamene kalata ya khoti yafika

Mwini nyumba wotsata lamulo ayamba wakumbutsa ngongole, kenaka athetsa pangano, ndipo wokhalamo akakana kucoka apita ku khoti. Pamenepo lamulo la 1998 liti wokhalamo alandire cidziwitso colembedwa masiku osacepera 14 lisanafike tsiku la mlandu, ndipo khonsolo ya mzinda idziwitsidwenso. Cidziwitsoco cinena tsiku ndi nthawi, cifukwa cimene afuna kumcotsera, ndi kuti aloledwa kudza kudzadziyankhira ndi kupempha loya wa boma.

Kalata yotere siing'ambidwa, ndipo siibisidwa pansi pa mphasa. Ambiri pakuona cidindo ca khoti agwidwa mantha, nati, Ndikapita adzandimanga. Iai, mlandu wa lendi suli wakuba. Ndi mlandu wa pakati pa anthu awiri. Koma munthu akapanda kufika, khoti lingathe kugamula iye palibe, litamva mbali imodzi yokha. Cifukwa cace tsiku lomwelo kalata yafika muyambe kufuna thandizo, osadikira sabata lotsiriza. Akulu anati, pakadafunda padajiwitsa galu.

Pamaso pa woweruza nenani zonse za pabanja panu, pakuti lamulo limuuza kuti asalamule kucotsa munthu koma ataona kuti kutero kuli kolungama. Ayenera kusamala makamaka za okalamba, ana, olumala, ndi mabanja amene mutu wao ndi mai. Ngati munthu wakhala m'nyumbamo miyezi yoposa 6 pangano litatha, woweruza aonanso ngati khonsolo ingathe kumpezera malo ena. M'caka ca 2011 Constitutional Court inamva mlandu wa anthu 86 osauka okhala m'nyumba zakale pa Saratoga Avenue ku Berea, m'mzinda womwewo wa Johannesburg. Inagamula kuti mwini malo ayenera kupirira kanthawi, koma osati kosatha. Ndi kuti khonsolo ipatse anthuwo pogona pongoyembekezera asanacotsedwe, kuti asagone pamseu. Khoti likalamula kuti munthu acoke, liika masiku awiri: tsiku loti acoke yekha, ndi tsiku loti sherifi amcotse ngati sanacoke. Cotero ngakhale wogonja pa mlandu apindula pofika ku khoti, pakuti angathe kupempha nthawi yakufuna nyumba ina, kapena yakuti ana amalize sukulu.

5. Kumene kuli anthu odziwa malamulo

Safunsa anadya phula. Wosauka wa ku Joni ali ndi makomo angapo ogogodapo.

Loyamba ndilo Legal Aid South Africa, bungwe la boma lopereka maloya kwa amene sangathe kulipira. Ayamba afunsa malipiro a munthu, kuti aone ngati ali wosauka ndithu. Koma dziwani ici: pa milandu ya pakati pa anthu, monga ya nyumba, malamulo a bungweli atsogoza nzika za dziko, alendo amene analandira cilolezo cokhala cikhalire, ndi ana. Tsono mlendo wa pasipoti afunse kumeneko, koma asadalire khomo limeneli lokha.

Laciwiri ndilo masukulu aukacenjede ophunzitsa malamulo, amene ali ndi maofesi othandiza osauka kwaulere, monga Wits Law Clinic ya ku University of the Witwatersrand ku Braamfontein. Kumeneko ophunzira agwira nchito pansi pa maloya okhwima.

Lacitatu ndilo mabungwe oima paokha. SERI, imene inayamba m'caka ca 2009 ku Johannesburg, yaimira anthu ambiri ofuna kucotsedwa m'nyumba za pakati pa mzinda. Lawyers for Human Rights, imene inayamba m'caka ca 1979, iri ndi nthambi yosamala alendo ndi othawa kwao. ProBono.Org ifunira osauka maloya amene apereka nthawi yao kwaulere. Ndipo m'makomboni ambiri muli timaofesi ta uphungu, m'mene alangizi ophunzira za malamulo athandiza munthu kulemba kalata ndi kudzaza fomu.

Pa mlandu wa ndalama yokha, monga cikole cokanizidwa, palinso khoti la milandu yaing'ono lochedwa Small Claims Court. M'caka ca 2019 malire a ndalama imene munthu angasumire kumeneko anakwezedwa kufika R20,000. M'khoti limeneli maloya saimira munthu; ali yense adzinenera yekha. Wodandaula ayamba watumiza kalata yopatsa mnzace masiku 14 kuti alipire, ndipo akapanda kulipira, kalaliki wa khoti amthandiza kulemba cisamani.

Popita kwa ali yense wa awa, tengani pangano, malisiti, zithunzi, makalata onse, ndi mauthenga a pa lamya amene munatumizirana ndi mwini nyumba, musawafufute. Nenani zoona zonse, ngakhale za ngongole yanu, pakuti loya amene wabisidwa kanthu agwa nako pamaso pa woweruza. Ngati Cingerezi cikubvutani, pemphani womasulira, ndipo musasaine pepala limene simunalimve. Cenjeraninso ndi anthu oyendayenda pa makomo a makhoti, amene alonjeza kukonza mlandu mukawapatsa ndalama. Loya weniweni dzina lace lipezeka m'kaundula wa bungwe loyang'anira maloya, lochedwa Legal Practice Council.

6. Zinthu ziwiri zobvuta

Coyamba ndi ca mapepala. Lamulo la olowa m'dziko lija, la m'caka ca 2002, liletsa kucititsa lendi mlendo wopanda cilolezo cokhalira m'dzikomo. Cifukwa cace wopanda mapepala agwera kawirikawiri m'manja mwa eni nyumba oipa, amene adziwa kuti munthuyo aopa kudandaula. Lamulo lalikulu limchinjiriza ndithu pa za kucotsedwa m'nyumba popanda khoti. Koma mlandu wa mapepala uli wina, ndipo sutha cifukwa ca mlandu wa nyumba. Munthu wotere ayambe wafunsa kwa maloya osamala alendo, pakuti mau ouza loya pofuna uphungu asungidwa m'cinsinsi, ndipo iwo adzamuonetsa njira yosamuika pa ngozi. Ndipo inu makolo, mwana asananyamuke mumuuze kuti mapepala olongosoka ndiwo amtsegulira pakamwa tsiku la mlandu.

Caciwiri ndi ca eni nyumba onama. Pakati pa mzinda wa Johannesburg pali nyumba zazikulu zimene eni ace anazisiya, ndipo anthu ena anazilanda nayamba kutolera lendi monga zao. Kumeneko kulibe pangano, kulibe lisiti, ndipo palibe wokonza kanthu. Pa 31 August 2023 moto unabuka m'nyumba yotere yochedwa Usindiso, pa Albert Street ku Marshalltown, nupha anthu 76, ndipo ena mwa iwo anali Amalawi. Nyumbayo inali ya khonsolo ya mzinda, koma okhalamo anali kulipira anthu ena. Bungwe lofufuza, lotsogozedwa ndi woweruza wopuma Sisi Khampepe, linapeza m'caka ca 2024 kuti khonsolo inali ndi mbali yace ya mlandu, popeza inadziwa kuipa kwa nyumbayo niileka. Tsono munthu asanapereke ndalama afunse, Kodi nyumba ino mwini wace ndani, ndipo wotolera lendiyu watumidwa ndi yani? Ayang'anenso makomo otulukira ndi mawaya a magetsi. Lendi yocepa m'nyumba yopanda mwini woona iri ndi mtengo wace wobisika.

7. Kwa iwo ocititsa lendi

Ena a kwathu amene akhalitsa kumeneko atenga nyumba yathunthu, nagawira anzao zipinda pa lendi. Wotere adziwe zinthu ziwiri. Ayambe walandira cilolezo ca mwini nyumba weniweni. Ndipo akacilandira, lamulo limuyesa iye mwini nyumba kwa anzacewo, kotero kuti zonse tanenazi zimgwera. Apereke lisiti, asunge cikole, ndipo asaike loko pa citseko ca mnzace, ngakhale ali mwana wa mlongo wace.

Lamulo silimsiya wopanda thandizo. Ayenera kulandira lendi pa tsiku lace, ndi kulandiranso cipinda cace cosaonongeka. Ndipo akalakwiridwa, bwalo la nyumba za lendi limtsegukira kwaulere monga litsegukira wina. Njira ya loko ioneka yacidule, koma imsandutsa wopalamula munthu amene akadapambana pa mlandu.

Mau otsiriza

Malamulo tafotokozawa ndi a dziko la South Africa. A kwathu kuno ali ena, ndipo munthu asawasokoneze. Wokhala ndi mlandu wa nyumba m'Malawi muno afunse ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la m'caka ca 2011, ndipo liri ndi maofesi ku Lilongwe, Blantyre, Zomba ndi Mzuzu.

Tsono atate ndi amai, lamya ikalira usiku, mwana nati, Anditsekera kunja, musamuuze kuti angopirira, ndiponso musamuuze kuti amenye. Mumfunse ngati waona kalata ya khoti. Mumuuze asonkhanitse malisiti ndi zithunzi, aitane mnansi akhale mboni, ndipo kukaca alawirire ku bwalo la nyumba za lendi kapena kwa maloya a osauka. Mumkumbutse kuti asaleke kulipira. Ndipo inu odziwa kuwerenga, muwerengere phunziro ili anansi anu amene ali ndi ana kumeneko, kuti mau awa afike kwa eni ace mlandu usanabuke.

Mafunso

1. Kodi ndani yekha ali ndi mphamvu yakulamula kuti munthu acoke m'nyumba, ndipo atuma yani?
2. Wocita lendi acite ciani mwini nyumba akakana kupereka lisiti?
3. Cikole cibwezedwa m'masiku angati ngati palibe coonongeka, ndi m'masiku angati ngati pali cokonza?
4. Nenani zimene mwini nyumba ndi wocita lendi ayenera kucita pamene dandaulo liri ku bwalo la nyumba za lendi.
5. Cifukwa ninji kuli koipa kubisa kalata ya khoti?
6. Chulani makomo atatu amene wosauka angapezeko odziwa malamulo.
7. Munthu afunse mafunso otani asanapereke ndalama kwa wotolera lendi?